Wantchito Wachiwiri

Amayi anga, a Valdirene, akhala akutsegula chitseko pa kanema
kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi.
Nyumba zimasintha, chitseko n'chomwecho.
Mu Rio monse nkhope yawo ndi yodziwika,
koma funsani dzina, mumva: aja a thireyi aja.

Madzulo ndinkawathandiza kuloweza mawu
pakhonde pathu ku Madureira, sitima ikugwedeza malata.
Ine ndinkawerenga gawo la dona: masamba anayi a misozi,
mwamuna wathawa, mphete yasowa, mtima ukubaya.
Kenako mzere wa amayi:
"Khofi wafika, dona."
Pamwamba pake, pamalo pa dzina,
WANTCHITO WACHIWIRI.

Ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri ndinawerengetsera:
m'sewero la miyezi isanu ndi itatu
anayankhula mawu makumi asanu ndi limodzi.
Galu wa panyumbapo anali ndi dzina,
ndipo atadwala, mumsewu mwathu anthu sanagone.

Mphete ikasowa m'sewero,
owonera ankadziwiratu thumba loyamba kusechedwa.

Loweruka lina, m'sitolo ya nsapato ku Leblon,
mlonda anatilonda phazi ndi phazi,
shelefu ndi shelefu, ngati ntchentche pa chilonda.
Pakhomo anatsegula chikwama cha amayi:
mpango, mankhwala a bondo, mapepala a sewero.
Anakweza maso, nkhope n'kuwala:
"Ndinu inu! Munaba mphete ija!"
Anapempha kujambulitsa nawo.
Amayi anamwetulira. Dzanja lawo m'dzanja langa
linali lozizira ngati chitsulo cha m'basi m'mawa.

Lolemba lake anaima pamaso pa mlembi wa sewero,
bambo Otávio, wa mpango wasilika m'khosi,
epuloni akadali m'chiuno, nafunsa:
"Mayiyu akatseka chitseko, amapita kuti?"
Bamboyo anaseka. "Kamera sifika kumeneko."
"Mabasi awiri ndi sitima zimafika," anatero amayi.
Iye anati owonera sanakonzeke,
anati iye saona khungu,
anati amene anamulera anali wakuda, ankamukonda ngati mayi ake.
"Dzina la bambo ake linali ndani?"
Zii.
Wina anakhosomola kuseri kwa magetsi.

Chaka chimenecho lamya sinalire.
Chotsatira chakenso.
Amayi anayamba kusoka madiresi a ukwati,
singano m'kamwa, osatchulanso za kanema.

Mapepala aja ndinawapeza m'katoni ya sopo, pansi pa bedi.
M'mphepete mwa tsamba lililonse, ndi pensulo yosasongoka,
anali atalemba zimene mlembi anasiya:
Uyu ndi Benedita. Khofi amadana naye.
Ali ndi ngongole ya filiji.
Mwana wake akuphunzira zochotsa mano.
Uyu ndi Zuleide, amaseka ngati chitseko chadzimbiri,
anakana amuna atatu, wachinayi akumuganizirabe.
Uyu ndi Odete. Mphete ija anaipeza kuseri kwa sofa,
anaibweza, palibe anapepesa.
Akazi makumi anayi, aliyense ndi msewu wake,
ndi nambala ya basi yake.

Tsopano ndikaweruka ku famase
ndimawataipa mmodzimmodzi, amayi atandiimirira kumsana.
"Ayi, Benedita sangayankhule choncho.
Wamuyeretsa kwambiri. Ameneyo amatukwana,
ndipo ananamizapo mchemwali wake za ndalama. Lemba."
Ndimafufuta, ndimalemba.
Sindikudziwa amene adzazisindikize.
Awiri anabweza kale: akuti n'zabwino,
koma mulibe umphawi wokwanira, mulibe mfuti.

Tsamba loyamba likuyamba chonchi:
Lamulungu masana, Benedita wakhala pampando wake,
mapazi m'beseni la madzi ofunda,
wailesi ikulengeza mpira umene sakuutsatira.
Wina akugogoda.
Akugogodanso.
Ndinafunsa: adzuke nthawi yanji?
Amayi anadula ulusi ndi mano.
"Madzi akadali ofunda," anatero.
"Agogode."